Ulendo wopanda kofikira: filimu ya ochita zisudzo amene njala inawalanda chikondi

Pali filimu ina ya ku Spain ya mu 1986 yotchedwa El viaje a ninguna parte, kutanthauza ulendo wopanda kofikira, imene ndimauza aliyense wokonda zisudzo kuti aisake mpaka aipeze. Munthu akamva kuti ndi filimu ya ku Spain yokamba za ochita zisudzo ndi zibwenzi zawo, amayembekezera magitala, madiresi ofiira, mwamuna wina akulowa pakhomo pomwe wina akuthawira pazenera. Zoseketsa zilimo ndithu, ndipo pena umaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma ukamaliza kuseka umapeza kuti pakhosi pakhala kanthu kosamezeka.

Nkhaniyi ikuyamba ndi nkhalamba ina, Carlos Galván, imene ikukhala kunyumba yosungirako okalamba. Yakhala pansi ndi dokotala wa zamaganizo, ikufotokoza za moyo wake. Ikudzikakamiza kukumbukira, ikubwerezabwereza kuti kukumbukira n'kofunika, kenako ikutitenga kubwerera nafe ku zaka za m'ma 1940 ndi 1950, pamene iyo inali mwamuna wamphamvu zake m'gulu la zisudzo loyendayenda m'midzi ya pakati pa dziko la Spain. Amene akusewera Carlos ndi José Sacristán, ndipo akumusewera ali wachikulire komanso ali nkhalamba yotheratu. Nkhope ya Sacristán ili ndi kutopa kwina kumene munthu sangaphunzire kusukulu ya zisudzo. Iyeyu anabadwira ku Chinchón mu 1937, nkhondo ili mkati, ndipo asanatchuke ankagwira ntchito ya umakaniko. Umphawi wa zaka zimenezo anauona ndi maso ake.

Gulu lakelo limatchedwa Iniesta-Galván, dzina lomveka ngati la kampani yaikulu, chonsecho ndi banja limodzi chabe ndi anthu awiri ongophatikana nalo. Mtsogoleri ndi bambo ake a Carlos, Don Arturo, nkhalamba ya mawu ogunda ngati bingu, amene moyo wawo wonse athera pansanja. Pali Doña Julia Iniesta, mayi wachikulire wa pachibale, ndi mwana wamkazi wa mayiwa, Rosa del Valle. Pali Juanita Plaza, chibwenzi cha Carlos. Ndiye pali Sergio Maldonado, wosunga ndalama ndi kuyendetsa za mapepala, munthu wanzeru zake koma wokonda botolo. Basi, gulu lonse ndi limenelo. Aliyense amasewera anthu angapo, aliyense amanyamula katundu, aliyense amadziwa mawu a mnzake.

Kumene amayendako ndi ku Castilla ndi La Mancha, dziko lathyathyathya, lafumbi nthawi yotentha, lozizira kofika m'mafupa nthawi yachisanu. Midzi yake ndi yotalikirana. Akafika pamudzi sapeza holo yeniyeni ya zisudzo. Amakambirana ndi mwini bala kapena mwini malo omwera khofi, amakankhira matebulo kumbali, amapachika nsalu, sewero layamba. Ndalama ikapezeka amakwera basi kapena lole. Ikasowa amayenda pansi, masutikesi m'manja. Chithunzi chimenechi cha anthu ochepa akuyenda mondondozana pamsewu wopanda mtengo ndi umodzi womwe chimabwera kangapo m'filimuyi, ndipo sichitopetsa.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake anthuwa ali ndi njala chonchi, ayenera kudziwa Spain wa nthawiyo. Nkhondo yapachiweniweni inayamba mu 1936 n'kutha mu 1939, Francisco Franco atapambana, ndipo anakhala pampando mpaka imfa yake mu 1975. Zaka zotsatira nkhondoyo anthu a ku Spain mpaka lero amazitchula kuti zaka za njala. Chakudya chinkagulidwa ndi makhadi a boma oonetsa muyeso wa banja lililonse, ndipo makhadiwo anathetsedwa mu 1952. Sewero lililonse linkayenera kuvomerezedwa ndi a boma lisanaonetsedwe, ndipo pamudzi mawu a wansembe ndi a apolisi anali olemera kuposa a wina aliyense. Tsono taganizani, m'dziko limene mlimi akuvutika kupeza buledi, inu mukubwera kudzamupempha kuti alipire khobidi lake kuti akuoneni mukunamizira kukhala mfumu.

Ntchitoyi sinayambe ndi iwo. Ku Spain magulu oyendayenda otere, amene amawatcha cómicos de la legua, analipo kwa zaka mazana. Buku lina la mu 1603 la Agustín de Rojas Villandrando, amene nayenso anali wochita zisudzo, linatchula mitundu isanu ndi itatu ya magulu amenewa, kuyambira wa munthu mmodzi yekha woyenda wapansi n'kumasintha mawu kuti akhale anthu onse a m'sewero, mpaka gulu lalikulu la ngolo ndi zovala zambiri. Anthu ankawakonda akakhala pansanja, akatsika ankawaona ngati akuba ndi achiwerewere. Banja la Galván ndi mchira wa mzere wautali umenewu, ndipo filimuyi ikutionetsa mchirawo ukuduka.

Chimene chikuyambitsa chipwirikiti ndi kubwera kwa mnyamata wina wamtali, woonda, wamanyazi, wolankhula Chisipanishi cha kumpoto ku Galicia. Ndi Carlitos, mwana amene Carlos anabereka kalekale paulendo wina n'kumusiya ndi amake. Tsopano wakula, ndipo amutumiza kwa bambo ake. Gabino Diego, amene panthawiyo anali asanakwane n'komwe zaka 20 pamene ankajambula filimuyi, akumusewera mochititsa chidwi. Mnyamatayu sadziwa poika manja ake. Akaima pansanja amauma gwa. Akamupatsa mawu oti anene amawanena ngati akuwerenga mndandanda wa zogula. Agogo ake, amene amakhulupirira kuti luso limayenda m'magazi, akulephera kumvetsa kuti mdzukulu wa Galván angakhale wouma chotere. Malo amene akumuphunzitsa kuyankhula pansanja ndi ena mwa oseketsa kwambiri m'filimu yonse.

Koma Carlitos si chitsiru. Iye ndi yekhayo amene akuona gululi ndi maso a munthu wakunja, ndipo zimene akuona akuzinena osapsatira: kuti iwowa ndi anthu ongoyendayenda opanda kwawo, kuti kudzipaka zinthu kumaso n'kumakuwa pamaso pa anthu ndi zochititsa manyazi, kuti iye akufuna moyo wa nyumba, ntchito ndi chakudya cha nthawi yake. Bambo ake zikuwapweteka. Ineyo zimandipweteka limodzi nawo, ngakhale ndikudziwa kuti mnyamatayo sakunama. Bambo amene sanalere mwana alibe pakamwa pomuuzira kuti moyo wabwino ndi uti.

Apa m'pofunika kudziwa amene analemba nkhaniyi. Ndi Fernando Fernán Gómez, yemwenso anaiwongolera filimuyi n'kuseweramo ngati Don Arturo. Mkuluyu anabadwira ku Lima, m'dziko la Peru, mu 1921, mayi ake Carola Fernán Gómez ali paulendo wa zisudzo, ndipo kalata yake yakubadwa inakalembedwera ku Buenos Aires. Bambo ake anali wochita zisudzo wa m'banja lotchuka kwambiri, mwana wa María Guerrero, mayi amene mpaka lero holo ina yaikulu ya zisudzo ku Madrid imadziwika ndi dzina lake. Bamboyo sanamuvomereze mwanayo, ndipo Fernando anakula ndi dzina la amake. Choncho pamene ankalemba za mnyamata wobadwa m'chikondi cha paulendo, woima pamaso pa bambo amene sawadziwa, sankalemba za kumva. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti sanalembe mokwiya. Carlos sanamupange kukhala chilombo. Anamupanga munthu wofooka, wofuna kukondedwa, wosadziwa poyambira.

Tsono za chikondi. M'gulu la anthu asanu ndi awiri oyenda limodzi, kudya limodzi, kugona m'nyumba za alendo zotchipa za zipupa zopyapyala, palibe chinsinsi. Amene umamukonda usiku ndi yemweyo amene mawa akusewera mlongo wako kapena mkazi wa munthu wina. Mukakangana masana, madzulo muyenera kukumbatirana pamaso pa anthu chifukwa alipira. Carlitos, amene amanyansidwa ndi chilichonse cha gululi, maso ake agwera pa Rosa, ndipo mwadzidzidzi msewu wayamba kupiririka. Rosa anakulira pansanja, amadziwa kusewera ndi maso a amuna, ndipo mnyamatayo ali ngati mwana pamaso pake. Zimenezi zimaseketsa, koma zikuonetsanso kuti chimene chimasunga munthu m'gulu lotere nthawi zambiri si luso ayi. Ndi munthu wina amene ali momwemo.

Chikondi chimene chili pamtima pa filimuyi ndi cha Carlos ndi Juanita. Laura del Sol, amene akusewera Juanita, sakuchita zambiri zooneka. Amangokhala, kuyang'ana, kuvala nsapato zake zotha, kunyamula sutikesi. Awiriwa sanakwatirane, ndipo mu Spain wa Franco limenelo linali tchimo looneka ndi aliyense. Mkazi wochita zisudzo ankatengedwa kale ngati wopanda khalidwe. Amuna a m'midzi amabwera ku sewero osati kudzamva mawu okoma koma kudzaona miyendo, ndipo munthu wa ndalama zake pamudzi amaganiza kuti akathandiza gululi ndiye kuti wagula ndi akazi ake omwe. Juanita akupirira zonsezi. Akupirira kuzizira, nsikidzi, kuyenda wapansi, kubwera kwa mwana wa mwamuna wake amene sankamuyembekezera. Chimene chikumugonjetsa ndi njala.

Pamene akumuuza Carlos kuti akuchoka, palibe mwamuna wina wabisala kuseri. Palibe mbale zosweka. Akuchoka chifukwa watopa kugona ndi njala, ndipo wapeza kwina kumene angagwire ntchito n'kumadya tsiku lililonse. Amamukondabe. Carlos nayenso akudziwa kuti amakondedwa, ndipo n'chifukwa chake alibe choyankha. Mwamuna akalandidwa mkazi ndi mnzake amakhala ndi womukwiyira. Uyu akwiyire ndani? Akalonjeza kuti zinthu zisintha, onse awiri akudziwa kuti mudzi wotsatira udzakhala ngati wapitawu.

Ndaonera mafilimu ambiri achikondi mmene mkazi wochoka chifukwa cha umphawi amajambulidwa ngati wadyera, kuti ife oonera timude, kenako mwamunayo alemere, mkaziyo abwere akulira. Filimu iyi siikuchita zimenezo, ndipo ndimailemekeza pa chifukwa chimenechi kuposa china chilichonse. Juanita akulondola. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mayiyu wakhala zaka akudikira fodya wa m'malonjezo. Carlos ali ndi chinthu chomugwira pamsewupo: dzina la bambo ake, kunyada kwa banja, maloto oti tsiku lina adzaima pansanja ya ku Madrid. Juanita dzina lake silili pachikwangwani cha gululo. Ukalamba ukadzafika, iye adzatsala ndi chiyani? Funso limeneli filimuyi siikulifunsa mokweza, koma lili pankhope pake nthawi yonse.

Ndinene pano chimene chimandidandaulitsa. Chifukwa chakuti nkhani yonse ikuchokera m'kamwa mwa Carlos, akaziwa timawaona ndi maso ake okha. Juanita akangochoka, wachoka, sitimutsatira. Doña Julia, amene María Luisa Ponte akumusewera mwaulemu waukulu, ndi mayi amene wathera moyo wonse pamsewu akulera mwana m'zipinda za alendo, ndipo nkhani yake payokha ikanadzaza filimu ina. Timangoilawa. Ndikumvetsa kuti umu ndi mmene nkhalamba yodzikonda ingakumbukirire, koma ndikanakonda kukhala ndi amayiwa kanthawi kena popanda mwamuna wotifotokozera.

Mdani wamkulu wa gululi si boma kapena tchalitchi. Ndi munthu mmodzi dzina lake Solís, woyenda m'midzi yomweyo ndi makina oonetsera kanema. Iyeyu safuna anthu asanu ndi awiri oti adye. Amangofuna khoma loyera ndi magetsi. Akafika pamudzi iye asanafike a Galván, ndalama ya mlungu umenewo yapita. Mwini bala akayerekeza, amaona kuti kanema amadzaza nyumba mosavuta. Kuwonjezera apo pali mpira ndi masewero a pa wailesi, amene amasunga anthu m'nyumba zawo madzulo. Wailesi ya kanema inayamba ku Spain mu 1956, koma ochita zisudzo a m'midziwa inawapeza atagwa kale.

Ndiye pakubwera malo amene anthu a ku Spain amawakumbukira kwambiri m'filimu yonseyi. Anthu ojambula kanema afika m'deralo ndipo akufuna anthu oti adzaze malo kumbuyo kwa osewera enieni. A Galván, amene akhala akutukwana kanema zaka zonsezi, njala yawakankha kukapempha ganyu. Don Arturo apatsidwa kachigawo kakang'ono, mawu ochepa chabe oti anene kwa bwana wina. Nkhalambayi ikukonzeka ngati ikupita kukasewera mfumu. Kamera ikayamba kuzungulira, ikutsegula pakamwa n'kutulutsa mawu aja amene zaka makumi anayi akhala akufika mpaka kumpando wakumbuyo kwa bala lodzaza ndi alimi oledzera: okokedwa, onjenjemera, manja ali m'mwamba, maso atatuzuka. Wowongolera kanema akuimitsa. Akuwauza kuti alankhule bwinobwino monga munthu amalankhulira. Don Arturo akugwedeza mutu kuti amva. Akuyambiranso, ndipo zikutuluka chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Kachitatu, chimodzimodzi. Wowongolerayo akupsa mtima mpaka kutukwana ndi amene anayambitsa kanema omwe, n'kuwathamangitsa pamaso pa anthu onse.

Poyamba umaseka kwambiri. Kenako kamera ikukhala pankhope ya nkhalambayo ndipo kuseka kumakuthera. Bamboyu sanalakwitse kanthu. Wachita ndendende chimene amadziwa, chimene chadyetsa banja lake moyo wonse, chimene anthu akhala akuchiwombera m'manja. Kungoti dziko lasintha chilankhulo iye osauzidwa. Pamalo opanda maikolofoni, kukuwa kunali luso. Pamaso pa kamera, kukuwa komweko kwasanduka uchitsiru. Ndipo amene akusewera nkhalamba yolephera kusewera m'kanemayi ndi Fernán Gómez, munthu amene anasewera m'mafilimu oposa 200 ndipo ankadziwa kamera kuposa aliyense m'dzikomo. Pamafunika luso lalikulu ndi chikondi chachikulu kuti munthu asewere kulephera kotere popanda kumunyoza wolepherayo.

Malo amenewa sindingawaonere osaganiza za kwathu. Ife amene tinakula tikumva za Wakhumbata Ensemble Theatre ya Du Chisiza Jr., tikuthamangira kukaona Kwathu Drama Group, tikuseka Izeki ndi Jakobo, tikudziwa kuti gulu la zisudzo kufika m'tauni mwanu chinali chinthu chachikulu. Anthu ankadzaza maholo a sukulu ndi a boma, ena ataima m'mawindo. Kenako kunabwera timanyumba toonetsa mavidiyo pamsika uliwonse, kenako ma DVD otchipa, lero foni ili m'thumba la aliyense. Ochita zisudzo ena anasamukira pa wailesi ya kanema ndi pa intaneti ndipo zikuwayendera. Ena ambiri, amene luso lawo linali logwira holo yonse ndi mawu okha, anangozimiririka. Du Chisiza anamwalira mu 1999, John Nyanga mu 2016, Eric Mabedi mu 2021. Awa mayina awo tikuwadziwa. Koma m'magulu awo ndi m'magulu ena ang'onoang'ono a m'maboma munali anthu ambirimbiri onyamula katundu, osewera wapolisi kapena mlonda, amene palibe anawajambula ngakhale kamodzi. Sindikunena kuti Malawi ndi Spain wa Franco. Ndikungonena kuti Don Arturo ndikumudziwa.

Gulu lija likutha pang'onopang'ono, wina uku wina uko. Carlos akupita ku Madrid, ndipo apa filimuyi ikusintha mtundu. Monga mmene nkhalamba ija ikufotokozera, ku Madrid zinthu zinayenda. Anayamba ndi maganyu odzaza malo m'mafilimu, kenako wina anamuona, kenako dzina lake linakwera, mphoto zinabwera, anayenda maiko, anakhala patebulo limodzi ndi anthu otchuka, akazi okongola anamufuna. Oonerafe timakondwa naye. Pambuyo pa fumbi lonse lija, timafuna kuti zimuyendere.

Koma pang'onopang'ono zinthu zikuyamba kusagwirizana. Dokotala uja akufunsa mafunso. Maldonado, mnzake wakale uja wa botolo, amene Juan Diego akumusewera ndi ulemu wa munthu wogwa koma wosataya nzeru, akukumbukira zosiyana. Ndipo timazindikira kuti ulemerero wonsewo Carlos anautola m'manyuzipepala ndi m'miyoyo ya anthu ena, n'kuusoka pamoyo wake mpaka iye mwini osathanso kuona msoko. Zoona zake n'zakuti anakhala munthu wodzaza malo, nkhope imodzi m'khamu la anthu kumbuyo kwa amene kamera ikuwafuna.

Anthu ena amaona gawo limeneli ngati lomvetsa chisoni chabe: nkhalamba yasokonezeka mutu. Ine ndimaliona mwina. Mmisiri womanga nyumba akakalamba amatha kuloza nyumba n'kunena kuti iyo ndinamanga ndine. Mlimi ali ndi munda, mphunzitsi ali ndi ana amene anawaphunzitsa. Wochita zisudzo wa m'midzi ntchito yake imatha usiku womwewo. Nsalu ikatsitsidwa, matebulo abwezedwa m'malo mwake, palibe chotsala. Zaka makumi awiri za kuseketsa anthu anjala, kuwaiwalitsa maliro a nkhondo kwa maola awiri, zonsezo palibe pepala limene linazilemba. Ndiye munthu wotere akakhala pamaso pa dokotala wovala bwino amene akumufunsa kuti munali ndani, ayankhe chiyani? Akanena zoona, dokotalayo alibe muyeso woyezera kulemera kwake. Carlos akugwiritsa ntchito muyeso umene dziko limaumva, wa mphoto ndi mayina, kuti anene chinthu chimene chili choona: kuti moyo wake unali ndi phindu. Ndipo pochita zimenezo akuchita ntchito yokhayo imene anaiphunzira kwa bambo ake, kuima pamaso pa munthu n'kumukhulupiritsa nkhani.

Chimene ndinaona n'chakuti zokumbukira zake za ku Madrid ndi zosalala, zowala, zopanda fungo. Za pamsewu zija zili ndi fumbi, kuzizira, mkangano wa ndalama ya chipinda, nkhope ya Juanita akutsanzika. Munthu sapeka nkhani yoti mkazi anandisiya chifukwa ndinalephera kumudyetsa. Zimenezo ndi zimene ndimazikhulupirira, ndipo ndi zimene zili zolemera, ngakhale mwini wakeyo akuganiza kuti chuma chake chili m'mabodza aja.

Nkhaniyi isanakhale filimu inayamba ngati sewero la pa wailesi ya boma ya ku Spain, kenako Fernán Gómez anailemba kukhala buku limene linatuluka mu 1985. Zimenezi zimamveka m'filimumo, chifukwa mphamvu yake ili m'zolankhula. Anthu ake amalankhula kwambiri, amakangana, amadzitama, amanyengererana, ndipo amene akuonera modalira mawu olembedwa pansi pa chithunzi ayenera kukhala tcheru. Ndi yaitali, yopitirira maola awiri, ndipo chapakati pali malo amene imayenda pang'onopang'ono ngati anthu ake omwe. Amene anazolowera mafilimu othamanga adzafunika kudekha. Ine kuchedwako sikundivuta, chifukwa kutopa kwa msewu sungakumve ngati filimu ikukuthamangitsa.

M'mwezi wa Malichi 1987, pamene dziko la Spain linapereka kwa nthawi yoyamba mphoto zake za kanema zotchedwa Goya, filimuyi ndi imene inasankhidwa kukhala yopambana zonse. Fernán Gómez analandiranso mphoto ya wowongolera wabwino ndi ya wolemba wabwino chifukwa cha filimu yomweyi, komanso usiku womwewo anapatsidwa ya wosewera wabwino chifukwa cha filimu ina. Zimandisangalatsa kuti anthu opanga kanema, atakhala pansi koyamba kuti adzilemekeze, anayamba ndi kuvulira chipewa anthu amene kanemayo anawalanda chakudya. Fernán Gómez pambuyo pake analowa m'bungwe loyang'anira chilankhulo cha Chisipanishi la Real Academia Española, ndipo atamwalira mu Novembala 2007 thupi lake linaikidwa pansanja ya Teatro Español ku Madrid kuti anthu adzatsanzike.

Mu 2014 bungwe la zisudzo la boma, Centro Dramático Nacional, linaika nkhaniyi pansanja ku Madrid, ochita zisudzo amoyo akusewera banja la Galván pamaso pa anthu olipira pakhomo. Sewero limenelo ndikanakonda kuliona, makamaka malo aja a Don Arturo ndi kamera. Pansanja, pamene wosewera ayenera kufikitsa mawu kumpando wakumbuyo, nkhalamba ija ndi imene ikulankhula moyenera malowo, ndipo ndikufuna kudziwa kuti anthu m'holomo ankaseka ndani.